Kubwezera katundu wa mumzinda pamadzi: nkhani yagona pagombe

Pafupi ndi nsanja ya Eiffel mumzinda wa Paris pali doko laling'ono lotchedwa La Bourdonnais. Alendo odzajambulitsa zithunzi salilabadira n'komwe, koma kuyambira mu 2012 pamalopa pamakocheza boti lodzaza ndi makontena a zakudya ndi katundu wina wa masitolo a Franprix. Katunduyo amapakiridwa padoko la Bonneuil-sur-Marne, kunja kwa mzinda, n'kuyenda makilomita pafupifupi 20 pamitsinje ya Marne ndi Seine. Akafika, makina amanyamula kontena imodziimodzi n'kuiika palole, ndipo malolewo amangoyenda kamtunda kochepa kukatula katunduyo m'masitolo pafupifupi 300 a mumzindamo.

Munthu ukamva zimenezi umadabwa kuti nanga mizinda ina yonse yokhala ndi mitsinje ikudikira chiyani. Misewu yadzaza, utsi wa dizilo ukudwalitsa anthu, pomwe mtsinje ukungodutsa pakati pa mzinda wopanda kanthu. Koma mizinda yambiri inayesapo kale, ndipo ntchito zambiri zoterezi zinafa ndalama zoyeserera zitangotha. Kuti timvetse chimene chimapulumutsa zina n'kupha zina, tiyenera kuyang'anitsitsa malo aja pomwe madzi amakumana ndi mtunda.

Chimene madzi amaposera msewu

Chinthu choyandama sichilira mphamvu zambiri kuti chisunthe, bola chiziyenda pang'onopang'ono. Kulemera konse amasenza ndi madzi. Palibe matayala okhuzana ndi phula, palibe chitunda, palibe kuima ndi kunyamuka pamphambano iliyonse. Anthu anazidziwa kalekale zimenezi. M'zaka za m'ma 1700 ku England, hatchi imodzi yoyenda m'mbali mwa ngalande inkakoka boti la matani pafupifupi 30, katundu woti pamsewu akanafuna mahatchi ambirimbiri. Ngalande ya Bridgewater itatsegulidwa mu 1761, mtengo wa malasha mumzinda wa Manchester unatsika ndi theka.

Mpaka lero masamu ake ndi omwewo. Boti lachikale la m'ngalande za ku France, lotalika mamita 38.5 ndipo m'lifupi mwake mamita 5 okha, limanyamula matani pafupifupi 300. Amenewo ndi malole 12 a matani 25 lililonse. Maboti akuluakulu a pamtsinje wa Rhine, otalika mamita 110, amanyamula katundu wa malole oposa 100 ulendo umodzi. Tikagawa mafuta otenthedwa ndi matani onyamulidwa, boti lodzaza limawononga ochepa kwambiri kusiyana ndi lole. Mawu oti "lodzaza" musawaiwale, tiwapezanso kutsogoloku.

Ubwino umenewu uli ndi malire ake. Boti likawonjezera liwiro, madzi amalikaniza kwambiri ndipo mafuta amatha mosayerekezeka. Choncho katundu wa pamadzi ndi woyenda modekha, ndipo m'mizinda malamulo amachepetsanso liwirolo: m'ngalande za pakati pa Amsterdam boti silipitirira makilomita 6 pa ola, liwiro longoposa pang'ono munthu woyenda mwandawala.

Mizinda ngati London, Paris, Amsterdam, Hamburg ndi Bangkok inakula chifukwa cha madzi. Njanji zitabwera, kenako malole, madziwo anasiyidwa. Ngalande zina anazikwirira n'kumangapo misewu, monga zinachitikira ngalande zambiri za ku Bangkok. Ku Utrecht m'dziko la Netherlands, mbali ina ya ngalande yozungulira mzinda wakale anaisandutsa msewu waukulu m'zaka za m'ma 1970, ndipo anadzaikumbanso n'kubwezeramo madzi, ntchito yomwe inatha mu 2020. Madoko a pakati pa mizinda nawo anasanduka nyumba zogona zodula, mahotela ndi malo ongoyendamo anthu popitidwa mphepo. Kusintha kumeneku ndiko kukuvutitsa lero amene akufuna kubwezera katundu pamadzi.

Ndalama zimathera pokweza ndi potsitsa

Lole ili ndi chinthu chimodzi chimene boti silingakhale nacho: imafika pakhomo. Mumapakira kamodzi kunyumba yosungiramo katundu, mumatsitsa kamodzi pasitolo, basi. Katundu woyenda pamadzi amagwiridwa kangapo. Achoke mosungira akwere lole, atsike padoko, akwere boti, atsikenso padoko lina, akwere lole ina kapena njinga, ndiye afike kwa mwini wake. Paliponse pamene wasintha chokwera pamafunika anthu, makina, malo ndi nthawi, komanso mpomwe katundu amaphwanyika kapena kusokonekera.

Paulendo wa makilomita 500, ndalama zopulumutsidwa pamafuta ndi pamalipiro a madalaivala zimakwirira zonsezo mosavuta. Koma ulendo wa mumzinda ndi wa makilomita 10 kapena 20. Pamtunda waufupi chonchi zopulumutsidwazo n'zochepa, pomwe mtengo wokweza ndi kutsitsa ndi womwewo, kaya boti layenda patali kaya pafupi. Apa mpamene ntchito zambiri zimagwera. Kampani ya Vert chez Vous inayamba mu 2012 kuyendetsa boti pa Seine lomwe linali ngati nyumba yosungiramo katundu yoyandama: maphukusi ankasankhidwira m'botimo likuyenda, ndipo njinga zamagetsi za matayala atatu zinkatsika pamadoko osiyanasiyana kukagawa katunduyo. Nzeru yake inali yabwino ndipo inatamandidwa kwambiri, koma ntchitoyo inaima patapita zaka zochepa chabe chifukwa inkadula kuposa kungotumiza galimoto.

Kuwonjezera apo pali vuto la malo. Kuti boti litsitse katundu pamafunika khoma lolimba la m'mbali mwa madzi, bwalo loimikapo makina ndi magalimoto, ndi njira yotulukira kumsewu. Tsoka ilo, malo a m'mbali mwa mtsinje ndiwo odula kwambiri mumzinda uliwonse wotukuka. Mwini malo akaika pasikelo ndalama za nyumba zosanja zoyang'ana kumadzi ndi za doko la mchenga, sachedwa kusankha. Ndipo doko likangosanduka nyumba, latha mpaka kalekale. Anthu ogula nyumba zoyandikana ndi doko lomwe latsala nawonso amayamba kudandaula za phokoso la m'mamawa ndi fumbi, ngakhale dokolo analipeza.

London inaliona msanga vutoli. Kuyambira mu 1997, madoko pafupifupi 50 a m'mbali mwa mtsinje wa Thames anatetezedwa ndi lamulo kuti asasinthidwe ntchito popanda chilolezo chapadera. Ine ndimaona kuti lamulo losatchukali linachita zambiri kuposa boti lililonse lamakono, chifukwa linasunga chinthu chimene ndalama sizikanabwezeretsa. Paris inatsata njira ina, yogawana nthawi: pamadoko ena katundu amatsitsidwa m'maola oikika, kenako makina amachotsedwa ndipo malowo amabwerera kwa anthu oyenda pansi ndi okwera njinga.

Njira ina ndi yochepetsa zimene boti limafuna pagombe. Boti likakhala ndi mkono wakewake wonyamulira katundu, silidikira makina a padoko, limangofuna poima. Ena amalongedza katundu m'timabokosi tamatayala kapena m'timakontena ting'onoting'ono tokwana panjinga yonyamula katundu, kuti phukusi lisagwiridwe palokhapalokha. Zonsezi cholinga chake n'chimodzi, kudula mphindi zimene boti limakhala litaima.

Kumene zikuyenda, msewu unatsekeka kaye

Mukaonetsetsa mizinda imene ntchitoyi yakhazikika, mupeza kuti boti silinapambane lole pampikisano wamba. Kawirikawiri pamakhala chinachake chimene chinamanga lole miyendo.

Chitsanzo chomveka bwino ndi Utrecht. Pakati pa mzindawu pamadutsa ngalande yakale ya Oudegracht, ndipo m'mbali mwake, pansi pa misewu, muli zipinda zakalekale zosungiramo malonda zomwe makomo ake amayang'ana kumadzi. Zambiri mwa izo lero ndi malo odyera ndi omwera. Lole yolemera ikadutsa pamwamba imawononga zipindazo ndi milatho, motero mzinda unaika malire a kulemera kwa magalimoto. Komanso kutsitsa migolo ya mowa pamasitepe kuchoka kumsewu kupita pansi inali ntchito yothyola msana. Mu 1996 khonsolo ya mzindawu inayamba kuyendetsa boti lotchedwa Bierboot, lokhala ndi mkono wake wonyamulira, lomwe limatula zakumwa ndi zakudya pakhomo penipeni pa malo odyerawo. Mu 2010 linabwera lamagetsi. Taonani kuti kuno vuto la pagombe kulibe: kasitomala ali pamadzi pomwepo, ndiye ulendo wachiwiri wa pamsewu sufunika.

Ku Amsterdam chokakamiza ndi makoma a ngalande. Ambiri anamangidwa zaka mazana apitawo pamitengo yokhomedwa m'matope, poganizira ngolo za mahatchi osati malole a zinyalala. Mu Sepitembala 2020 khoma la pa Grimburgwal linagumukira m'madzi. Mzindawu uli ndi makoma otalika makilomita pafupifupi 200 ndi milatho mazanamazana zofunika kuunikidwa kapena kukonzedwa, ndipo galimoto yolemera kuposa matani 7.5 siilowa pakati pa mzinda popanda chilolezo. Womanga nyumba m'dera limenelo amapeza kuti kubweretsa njerwa, mchenga ndi zitsulo paboti ndiyo njira yapafupi. Kuyambira pa 1 Januwale 2025, Amsterdam, Utrecht ndi mizinda ina ya m'dzikolo inayambanso kukhazikitsa madera omwe magalimoto a malonda otulutsa utsi akuchotsedwamo pang'onopang'ono.

Ku Strasbourg m'dziko la France, khonsolo inachepetsa maola omwe magalimoto a dizilo amaloledwa kutula katundu pakati pa mzinda, pomwe ndi chilumba chozunguliridwa ndi mtsinje wa Ill. Mu 2020 kampani ya ULS inayamba kubweretsa katundu paboti kuchokera kudoko lalikulu n'kumugawa panjinga zamagetsi, ndipo pobwerera botilo limatenga zinthu zotha ntchito zokakonzedwanso. Za Venice sitingachite kunena: kulibe msewu wa galimoto, ndiye chilichonse chimabwera paboti, kenako anthu amachikoka pangolo zamanja kukwera ndi kutsika masitepe a milatho yoposa 400. Aliyense woganiza kuti katundu wa pamadzi ndi wotchipa mwachibadwa akaone ntchito imene imagwiridwa kumeneko.

Pamenepa pabuka funso la chilungamo. Ena amati ngati boti likufuna malamulo oletsa malole kapena thandizo la boma kuti lipikisane, ndiye kuti ndi njira yolephera. Koma lole nayo siilipira zonse zimene imawononga. Phula lophwanyika, mlatho wong'ambika, maola amene anthu ena amataya pamzere wa magalimoto, matenda a m'chifuwa, ngozi za oyenda pansi: zonsezi amalipira ndi anthu wamba kudzera m'misonkho ndi m'matupi awo. Mzinda ukaika malire a kulemera kapena malipiro olowera pakati pake, umakhala ukubwezera mbali ya ngongoleyo kwa mwini wake. Mfundo imeneyi ndimagwirizana nayo, ngakhale siitanthauza kuti boti lililonse lothandizidwa ndi boma n'laphindu.

Katundu woyenera madzi

Zithunzi zimene zimafala kwambiri ndi za boti lokongola lonyamula maphukusi a zinthu zogulidwa pa intaneti. Kampani yotumiza makalata ndi maphukusi ya DHL inayamba kuyendetsa boti lotere m'ngalande za Amsterdam mu 1997, pomwe okwera njinga ankatengerapo makalata ndi maphukusi. Mu 2020 inayambitsa ulendo wina pa Thames kuchokera ku Wandsworth kukafika ku Bankside, ndipo mu 2022 inayesa boti loyendera mphamvu ya dzuwa pamtsinje wa Spree ku Berlin. Chakumapeto kwa 2022 kampani yogulitsa mipando ya IKEA nayo inayamba kutumiza katundu wa makasitomala ake a ku Paris kudzera pa Seine, kuchokera ku Gennevilliers kukafika ku Bercy, kumene magalimoto amagetsi amamutenga.

Zimenezi n'zabwino, koma tikanena za matani, maphukusi ndi kadontho chabe. Phukusi ndi lopepuka, limafunika msanga, ndipo lililonse likupita khomo lakelake, zinthu zitatu zosemphana ndi chimene boti limachita bwino. Katundu wogwirizana ndi madzi ndi wolemera, wochuluka, wosathamangira nthawi, wochokera malo amodzi kupita malo amodzi tsiku ndi tsiku. Kunena mosabisa, ndi zinyalala, mchenga, miyala, simenti ndi dothi lokumbidwa.

Ku London kampani ya Cory imasonkhanitsa zinyalala pamadoko angapo a pa Thames, monga Smugglers Way ku Wandsworth ndi Walbrook Wharf pakatikati pa mzinda, n'kuzitsekera m'makontena omwe amakokedwa pamadzi mpaka ku Belvedere, komwe zimatenthedwa n'kupanga magetsi. Kampaniyo imati njirayi imachotsa pamsewu maulendo a malole pafupifupi 100,000 pachaka. Pokumba njanji ya pansi ya Crossrail, dothi lokwana matani pafupifupi 3 miliyoni linatengedwa kupita kuchilumba cha Wallasea ku Essex, mbali yomaliza ya ulendowo pamadzi, ndipo linagwira ntchito yokonza dambo losungirako mbalame. Ngalande yaikulu ya zonyansa ya Thames Tideway, yotalika makilomita 25, inatulutsanso dothi lake lambiri pamaboti. Ku Paris mafakitale osakaniza konkire ali m'mbali mwa Seine penipeni kuti mchenga ndi miyala zizifika pamadzi. Palibe amene amajambula boti la zinyalala n'kuliika pachikuto cha magazini, komatu ndilo likuchotsa malole ochuluka m'misewu.

Kodi n'zosamaliradi chilengedwe?

Osati nthawi zonse. Injini ya boti imakhala zaka makumi angapo, pomwe malole amasinthidwa pafupipafupi ndipo malamulo a utsi wawo akhala akukhwima kwa nthawi yaitali. Malamulo okhwima a European Union okhudza injini zatsopano za maboti a m'mitsinje anayamba kugwira ntchito cha m'ma 2019 ndi 2020, ndipo sakhudza injini zakale zomwe zili kale pamadzi. Choncho boti lakale la dizilo likhoza kutulutsa mpweya wotenthetsa dziko wochepa pa tani iliyonse, koma n'kumafuka mwaye ndi utsi wowononga mapapo wochuluka kuposa lole yatsopano, pakati penipeni pa anthu.

Tibwerere ku mawu aja oti "lodzaza". Boti lonyamula theka la katundu wake, n'kubwerera lopanda kanthu, limataya pafupifupi ubwino wonse umene tinawerengera poyamba. N'chifukwa chake oyendetsa ntchitoyi amasakasaka katundu wobwerera naye: mabotolo ndi migolo yopanda kanthu, makatoni, zinyalala, zigumuka za nyumba. Kudzaza boti kumafunanso kuti makampani angapo, ena opikisana pamalonda, avomere kuika katundu wawo pamodzi ndi kutsata nthawi imodzi. Zimenezi n'zovuta kuposa kugula boti. Ku Utrecht zinatheka chifukwa boti ndi la khonsolo, ndipo makampani ofulula mowa amangolipira kuti aligwiritse ntchito.

Pa nkhani ya magetsi, boti la mumzinda lili ndi mwayi. Limayenda pang'onopang'ono, mtunda waufupi, njira yomweyomweyo, ndipo usiku limagona pamalo amodzi pomwe lingathe kutchajidwa. Kulemera kwa mabatire, komwe kumavutitsa opanga malole amagetsi, paboti si nkhani yaikulu. Phokoso limachepanso, zomwe zimalola kugwira ntchito m'mamawa anthu asanadzuke. Chotsalira ndi mpikisano: malole ndi magalimoto ang'onoang'ono amagetsi akuchuluka, ndipo akamachuluka mfundo ya utsi imafooka. Mfundo imene siifooka ndi ya malo. Lole yamagetsi imatsekabe msewu, imalemerabe pamlatho, ndipo imafunabe poima.

Walira mvula walira matope. Maboti akachuluka, mafunde awo amakokolola magombe ndi kufooketsa maziko a nyumba, vuto lomwe anthu a ku Venice akhala akulidandaula kwa zaka zambiri. Amasokoneza nsomba ndi mbalame zoswera m'mabango. Amalimbirananso njira ndi maboti a alendo, omwe m'mizinda ngati Paris ndi Amsterdam amabweretsa ndalama zambiri ndipo eni ake ali ndi mawu kukhonsolo.

Mtsinje suyendera ndandanda ya munthu

Msewu ukatsekeka dalaivala amakhotera kwina. Mtsinje ulibe kokhotera. Seine ikadzaza, maboti sakwana kunsi kwa milatho ya Paris ndipo madoko a m'munsi amamira. Mu Juni 2016 madzi anafika mamita 6.1 pamuyezo wa pamlatho wa Austerlitz ndipo maulendo a pamadzi anaima. Zinachitikanso mu Januwale 2018. Chilala chimabweretsa vuto losiyana: mu 2018 ndi mu 2022 madzi a Rhine anatsika kwambiri moti maboti ankanyamula kagawo kochepa ka katundu wawo kuopa kukhudza pansi. Pa Thames madzi amakwera ndi kutsika kawiri patsiku chifukwa cha nyanja, nthawi zina ndi mamita pafupifupi 7, choncho maboti okoka zinyalala amanyamuka motsata madziwo osati wotchi, ndipo nthawi yake imasuntha tsiku lililonse. Onjezanipo zipata zokwezera ndi kutsitsira maboti pomwe madzi asiyana msinkhu, zomwe zimadya mphindi zambiri ndipo zina zimatsekedwa usiku kapena pokonzedwa.

Sitolo yogulitsa mkaka ndi ndiwo zamasamba siingauze makasitomala kuti adikire madzi aphwe. Ndiye aliyense wodalira boti amasunganso njira ya malole yoti aigwiritse ntchito zikavuta, ndipo kusunga njira ziwiri ndi ndalama zina. Kwa wonyamula mchenga vutoli n'lochepa, poti mchenga umaunjikika n'kudikira.

Malipiro a oyendetsa boti ndi mtolo winanso, makamaka pamaboti ang'onoang'ono omwe amakwana m'ngalande zopapatiza: munthu mmodzi kapena awiri pa katundu wochepa. N'chifukwa chake akatswiri a yunivesite ya MIT ya ku America pamodzi ndi bungwe lofufuza la AMS Institute anayesa m'madzi a Amsterdam timaboti todziyendetsa tokha totchedwa Roboat, ndipo ku Belgium kuli maboti a katundu omwe amawongoleredwa ndi munthu ali muofesi kumtunda. Zimenezi zingatsitse mtengo wa ulendo. Sizichotsa munthu wotsitsa katundu ndi kukamufikitsa pakhomo, yemwe ndiye amadya gawo lalikulu la ndalama.

Mzinda woyenera kuuyang'anira tsopano ndi New York. Mbali yaikulu ya mzindawu ili pazilumba, koma pafupifupi 90 peresenti ya katundu wake amayenda pamalole, kudutsa pamilatho ndi m'misewu ya pansi pa madzi yochepa yomwe imadzaza tsiku lililonse. Akuluakulu a mzindawu ali ndi ndondomeko yotchedwa Blue Highways yofuna kusamutsira gawo la katunduyo pamadzi, n'kumamugawa ndi njinga zamagetsi ndi timagalimoto tating'ono. Maboti alipo kale ndipo madzi ndi akuya mokwanira. Ntchito imene ayamba nayo ndi ya madoko: mu 2024 mzindawu unagwirizana zotenga ulamuliro wa doko la Brooklyn Marine Terminal ku Red Hook, lomwe mbali zake zina zinali zitawonongeka chifukwa chosasamalidwa kwa zaka zambiri, ndipo mkangano unabuka nthawi yomweyo wa kuchuluka kwa malo oti atsale a katundu ndi oti pamangidwe nyumba zogona.